Njinga ya Msinkhu Wako

Tiyanjane mwana wanga,

A Lufeyo Mbewe, atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene iwe umawatcha agogo a ku Lilongwe, ndiwo anandilakwira. Ndayamba ndi dzina lawo kuti lichoke pakhosi msanga, chifukwa lero ndili ndi chimwemwe ndipo sindikufuna kuti linditsamwe pakati pa nkhani zabwino. Wandifunsa katatu konse kuti, "Amayi, kodi agogo aja anakutani?" ndipo katatu konse ndakuyankha kuti pita ukatsuke mbale. Lero ndikuyankha.

Ndatseka shopu dzuwa likadali pamutu. Iwe wapita kukatsanzika anzako a kwaya, ine ndakhala pa benchi yogwirira ntchito ndi pepala, ndiye ukaona zala zakuda m'mphepetemu usadabwe, ndi girizi. Mawa mwana wa Esnati wokonza njinga wa ku Nachisaka akupita ku koleji ku Lilongwe kukaphunzira zamagetsi. Sabata yonseyi ndauza aliyense wobwera pano, ngakhale amene sanafunse. Bambo wina anangobwera kudzapopa tayala, anachoka akudziwa dzina lako, maphunziro onse amene unakhoza, ndi tsiku limene unamera dzino loyamba. Pochoka anati, "Mayi, mpweyawu ndalipira ndi makutu." Ndinamuuza kuti watchipitsidwa.

Tsono mvera.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera. Sukuluyo inali kuseri kwa mapiri awiri, ulendo woti ukanyamuka tambala atangolira umafika belu litalira kale. Chaka chimenecho malemu abambo anga fodya anawayendera bwino, ndipo ananena pamaso pa onse kuti Esnati sayenda pansi, agulirwa njinga. Koma mwambo wathu ukuudziwa: bambo ndi mkamwini, za ana zimadutsa kwa atsibweni, eni mbumba. Ndalama zinalowa m'manja mwa a Lufeyo, iwo ulendo wa ku Mponela. Anabwera madzulo akuliza belu kuyambira kudambo, atakwera chinjinga chakuda chachimuna, cha matayala a 28, felemu ya mipiringidzo iwiri, kaliyala woti n'kunyamula belo la fodya. Atachiimika pafupi nane, chishalo chinandifika m'nthiti. Abambo anayang'ana njinga, anayang'ana ine, n'kunena motsitsa mawu, "Alamu, kodi siyakula iyi?" A Lufeyo anaseka. "Alamu, mwana ndi dzungu, amakula osamuona. Adzakula nayo."

Tiya, tandiyang'ana. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndikudikirabe.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kumeneko. Ndinaona ndi maso anga kuti njingayo anadzigulira okha, koma ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinati zikomo atsibweni. Ndinkapalasa chammbali, mwendo nditaulowetsa pansi pa mpiringidzo, thupi lonse lili panja ngati nyani wokakamira nthambi. Anyamata a m'kalasi anandipatsa dzina lakuti Katundu, ati si ine ndikuyendetsa njinga koma njinga ndiyo yandinyamula. Ndiye mawu awiri awa, "udzakula nayo," ukawamva kulikonse, kaya akunena za njinga, za nsapato zogwirira ntchito, kaya za mwamuna, uime kaye. Chinthu chiyenera kukukwana lero. Munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu wa mtundu wathu uno wakula kale, chatsala n'kunenepa.

Poti anzako ku koleji adzadziwa kuti ndiwe mwana wa wokonza njinga, adzakutenga kumsika kuti ukawasankhire, ndiye usakandichititse manyazi. Munthu ayambe waima, njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse awiri ali pansi, osati kunyang'ama ndi zala. Pakati pa iye ndi mpiringidzo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Zikapanda kulowa, musiye wogulitsayo alankhule mpaka malovu amuthere, inu muzipita. Kenako chishalo. Akhalepo, wina atamugwirira, aike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke. Akabweza phazi n'kuponda ndi kutsogolo, monga timapondera popalasa, bondo lipindike pang'ono chabe. Ukaona munthu akupalasa matako akuvina uku ndi uku, chishalo chakwera kwambiri. Ukaona mawondo akufika kuchibwano, chatsika, ndipo mawondo amenewo adzamupweteka asanakwatiwe. Ndiye kutalika kwake: aike chigongono pamphuno pa chishalo, zala zake zifike ku handulo kapena ziperewere pang'ono. Zikaperewera ndi chikhatho chathunthu, njingayo ndi ya mchimwene wake. Chomaliza, chimene ogulitsa sanena, ndi mabuleki. Dzanja lili pa handulo, zala zikole chogwirira buleki mosavutikira. Chimenechi usadzaiwale, Tiya, chifukwa ndicho chinandithyola.

Ndili Fomu 2, m'mawa wina mvula itagwa usiku, ndinkatsika chitunda cha kumlatho, chija ndimakuuza kuti uzitsika n'kukankha iwe n'kumandiseka. Nthawi imeneyo ndinali nditaphunzira kukhala pampiringidzo nditakulungapo chitenje, ndipo ndinkadziona katswiri. Kumunsi kunatulukira ngolo. Ndinati ndigwire mabuleki, zala zinangokanda mphepo. Kuti ndifikire ndinayenera kusiya handulo, ndipo nditasiya handulo njinga inasankha yokha kopita. Ndinadzuka ndili m'ngalande, fupa la paphewa litathyoka, makope ali m'matope. Mwini ngolo anatsika, anandiyang'ana, n'kufunsa, "Mwana iwe, njingayi waba kwa ndani?" Ngakhale mlendo anaona kuti si yanga.

Ndili m'chipatala, a Lufeyo anafika kwathu ndi nkhope yachisoni. "Ndikaisunge kwathu, ingadzatiphere mwana." Sabata isanathe anthu anawaona nayo atasenzetsa matumba a makala, chishalo chili pamlingo wawo, monga chinalili kuyambira tsiku loyamba. Nditachira ndinapita kukagwada pakhomo pawo. "Atsibweni, ndabwera kudzatenga njinga." Iwo akusenda nzimbe, osandiyang'ana. "Njinga yake iti? Yomwe inakuthyola phewa ija? Ukufuna tikuike m'manda ndi yunifolomu?" Ndinati, "Ndiye muigulitse mundigulire yaing'ono." Anati, "Tamumvani mwana wa sekondale, akuphunzitsa atsibweni ake malonda." Abambo sanalowererepo, poti mkamwini salimbana ndi mwini mbumba pamudzi pa eni. Amayi anati, "Ndi atsibweni ako, zisiye." Njinga imeneyo ndiyo inakhala yoyamba pa njinga zawo za kabaza, zimene lero akubwereketsa kwa anyamata ku Lilongwe. Ukadzaona nyumba yawo ya malata ofiira ija, udziwe kuti mwala woyamba wa maziko ake ndi phewa langa.

Popanda njinga ndinayamba kugonera m'kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu, ndipo apa mpamene ndinalakwa kachiwiri. Ndinagula loko wamkulu, wonyezimira, woti aliyense aone kuti muno mukhala munthu wosamala. Sindinayang'ane kachitsulo kokolekapo loko. Masikuluu ake anali poyera, kunja. Tsiku lina pobwera kusukulu ndinapeza loko ali chitsekere, wokongola bwino, akulendewera pa kachitsulo komasulidwa, chitseko chili pululu. Bulangete, ufa, ngakhale kope la Biology, zonse zitapita. Wakubayo sanathyole kanthu, anangobwera ndi mpeni wa patebulo. Ndiye chipinda chimene ndakupezera kwa mayi Nachisale, aja ankaimba nafe mu Chigwirizano asanasamukire m'tauni, ndinakachiona ndekha mwezi watha ndipo matenda ake ndi omwewo. Usanayale mphasa, usanatumize uthenga kwa anzako kuti wafika, uchotse kachitsulo kalipoko uike kamene ndakuikira m'chikwama, kamene kakatsekeka kamaphimba masikuluu ake. Mabauti awiri aataliwo uwabowolere mpaka mkati, manati akhale mbali yako. M'kati uike kampiringidzo kotsekera ukamagona. Loko amateteza katundu iwe ukachoka, kampiringidzo kamateteza iwe ukakhalamo. Chitsekocho chimakhulanso pansi. Usachipale, vuto lili pa hinji yam'mwamba, mabowo ake akula. Uchotse masikuluu, ulowetse timitengo ta machesi m'mabowomo, uthyole, umangenso. Chidzaimirira ngati msilikali.

Kulakwa kwachitatu ndikuuza mwachidule. Lachisanu lililonse ndinkafuna kubwera kumudzi kudzatenga ufa, ndipo mapiri awiri aja sanafupike chifukwa choti ndathyoka phewa. Panali mnyamata wina wogula soya, wa njinga yabwino ndi mawu abwino, amene anayamba kundinyamula. Amene alibe njinga amakwera ya eni, ndipo mwini njinga ndiye amasankha njira. Ndili Fomu 3 ndinabwerera kumudzi ndi pathupi, iye n'kusamukira kogula soya kwina. Pano uwerenge kawiri, mwana wanga: iwe sindinadandaulepo nawe, ngakhale tsiku limodzi. Ndimadandaula ndi zaka zitatu zimene ndinakhala ndisanabwerere kukamaliza Fomu 4, ndi koleji imene ine sindinaione. Dzina lakoli anakupatsa ndi agogo ako aakazi, a Lufeyo atakhala pomwepo pamkeka, ndipo aliyense anadziwa amene akuuzidwa. Ndinalilandira chifukwa ndi lokoma m'kamwa. Zimene likupempha sindinalonjeze.

Basi, zolira zatha, tsopano za zitsulo, zimene ndimazikonda.

Ndinkapita ku Dzaleka kukagulitsa tomato iwe uli kumsana, ndipo pafupi ndi pamene ndinkayala panali bambo wina wa ku Burundi wokonza njinga, tonse tinkangowatcha a Fundi. Tomato ankapsa ndi dzuwa ine maso ali pa manja awo. Tsiku lina anati, "Mama Tiya, maso samanga nati. Bwera ugwire." Anandipatsa wilo kuti ndichotse. Ine ndi changu changa ndinatola pulayala, poti ndiyo inali pafupi, n'kuluma nayo nati. Inaterereka, ndinalumanso, inaterereka, mpaka nati ya makona asanu ndi limodzi inasanduka yobulungira ngati nsawawa. A Fundi sanakalipe. Anandipatsa tchizulo ndi hamala, nati, "Tsopano uichotse." Ndinatha masana onse. Dzuwa likupendeka anatola sipanala ya 15, anamasula nati ya mbali inayo kamodzi n'kamodzi, n'kubwerera kukamwa tiyi. Pulayala ndi yogwirira ndi kupindira waya, Tiya, si yomasulira nati. Nati iliyonse ili ndi sipanala yake. Sipanala ikalowa n'kumagwedera, si yake, ngakhale itakhala pafupi chotani. Ija yosintha kukamwa ndakuikira ndi ya pangozi pokha, ndipo uziithina mpaka igwire nati bwinobwino usanakoke.

Patapita miyezi, nditayamba kudzimva, kunabwera aphunzitsi ena opuma ndi njinga yoti tisinthe mapedulo. A Fundi anali atapita kukapemphera. Ya kumanja inamasuka bwino. Ya kumanzere inakana. Ndinakoka, inakana. Ndinalowetsa paipi ku sipanala kuti mphamvu ichuluke, ndinaponda ndi mwendo, aphunzitsi aja akungoti, "Mwana wanga, pang'onopang'ono." Ndinawayankha kuti, "Aphunzitsi, inu munkadziwa choko, izi tisiyireni." Ndinamva kuti thwa, mazinga a kalanka, chitsulo chija pomangirira pedulo, atatha onse. A Fundi atabwera anagwira mutu. Pedulo ya kumanzere imamasukira kumene zinzake zimamangira. Nthawi yonseyo ndinali ndikumanga, ndi paipi, ndi mwendo, ndi mwano womwe. Aphunzitsiwo mpaka lero akadutsa pano amati, "Muli bwanji a choko?" ndipo ndimayankha, chifukwa pamenepo wolakwa ndinali ine. Chinthu chikakana, usathamangire kuwonjezera mphamvu. Uime, uyang'ane mazinga ake akulowera kuti. Dontho la oilo ndi kudikira pang'ono zimamasula zambiri kuposa paipi. Ndipo pakamwa pako, poti wandibadwa, pazidikira kuti nati imasuke kaye.

Kudikira komweko ndi pomata chubu. Tayala likaphwa, upeze bowo m'beseni la madzi, upukute paume, upale ndi sandipepa, upake solushoni mopyapyala, ndiyeno usiye. Uimbe ndime imodzi ya nyimbo za kwaya zakozo. Solushoni akasiya kunyezimira ndi kumata chala, mpamene uike chigamba. Ine ndinamatapo chubu chimodzi katatu tsiku limodzi chifukwa chothamanga. Ndipo usanabwezere chubu, uyendetse zala m'kati mwa tayala monse, mosamala. Munga umene unabowola ukadali momwemo, ukudikira.

Chikwama chachinsalu chili pansi pa sutikesi yakocho ndasoka ndekha, ndipo usachichotse kuti muikemo nsapato zina, ndikudziwa maganizo ako. Muli masipanala anayi, 8, 10, 13 ndi 15, amene amamasula pafupifupi chilichonse pa njinga ndi pa bedi. Muli ija yosintha kukamwa, pulayala, masikuludiraiva awiri, wa mutu wamtanda ndi wa mutu wophwatalala, timakiyi tokhota ta makona tija, hamala yaing'ono, tepi yoyezera, zitsulo ziwiri zotsegulira tayala kuti usamagwiritse supuni za mayi Nachisale, zigamba, pampu, kabotolo ka oilo ndi kachitini ka girizi. Sipanala ya 10 ija yakuda ndi imene a Fundi anandipatsa tsiku limene ndinatsegula shopu yanga. Chilichonse ndachipaka utoto wofiira pachogwirira kuti uchizindikire patali. Ukatha ntchito upukute, uwerenge, ubwezere. Chitsulo chogona panja chimadzuka ndi dzimbiri, kapena sichidzuka n'komwe.

Utoto wofiirawo uli ndi mbiri yake. Mkulu wa mpingo wina, ukumudziwa, uja amatsokomola asanapemphere, anabwera kuno nati, "Mayi Esnati, tandibwerekani sipanala ya 15, mphindi zisanu zokha, wilo la ngolo." Iwe unali Sitandade 4. Sipanalayo ndimaiona mpaka lero, imakhala m'kabokosi ka pangolo yawo, yafika pozolowera. Ndinaifunsa kamodzi, anati, "Aa, masipanala amafanana, mayi." Akamapemphera za kukhululukirana ndimatsegula diso limodzi. Ndiye wofuna chitsulo chako, upite nacho wekha, umasule wekha kapena uime pomwepo, ubwere nacho. Adzakutcha wouma mtima sabata imodzi, kenako adzayamba kukutcha amisiri.

Denga la chipinda chako lili ndi timabowo tiwiri, ndinationa dzuwa likulowa, kumutu kwa pamene payenera kukhala bedi. Usadikire mvula kuti ikuuze. Ine pofolera shopu ino ndinakana kuitana mmisiri, ndinati wokonza njinga angalephere kukhoma msomali? Ndinakhoma misomali yonse m'makwawa a malata, poti m'mene munali mosavuta, mosaterereka. Mvula yoyamba shopu inasanduka sefa, madzi akutsika pa msomali uliwonse, ine ndikuthamanga ndi mabeseni, anthu obisala mvula pakhonde akuthandiza ndi kuseka. Msomali wa lata umakhomedwa pamsana, pokwera, chifukwa madzi amayenda m'khwawa. Timabowo takoto uyeretse, umatepo phula ndi kachidutswa ka chubu chakale, dzuwa lili phwee kuti ligwire. Pokwera uziponda pamene pali mzere wa misomali, ndi pamene pali mtengo pansi, ndipo wina azikugwirira makwerero. Uyang'anenso felemu ya chitseko chakumunsi. Ukaona kanjira kadothi kakukwera khoma, ndi chiswe, ukagwetse tsiku lomwelo, upake oilo wakuda wotsala ku galimoto, amene amakanika amangotaya. Ndipo uwauze mayi Nachisale usanakhome kanthu, ndi nyumba yawo. Za mawaya ndi masoketi sindinenapo, kumeneko udzandiphunzitsa ndiwe, ndipo ndikudikira tsiku limenelo ngati mwana wodikira Khirisimasi. Koma usakhudze waya wa m'nyumba ya eni usanaphunzire, ngakhale akutame chotani.

Tsopano nkhani imene yakhala ikundiyabwa pakamwa miyezi inayi.

Ukukumbuka tsiku lija ndinati ndikufuna kukusoketsera siketi, ndinakuimika kukhoma wopanda nsapato, ndinakupanitsa buku la nyimbo pakati pa miyendo, msana wake uli m'mwamba, n'kulemba ndi khala pakhoma pamene bukulo lafika? Unati, "Amayi, telala wake uti amayeza siketi chonchi?" Ndinati ndi masitayilo a ku Dzaleka, ukhale chete. Kenako ndinakuyeza mkono kuyambira pachigongono, ndi zala, iwe n'kumati mwina siketiyo ili ndi magolovesi. Kunalibe siketi, mwana wanga. Ndinkayeza njinga.

Ili kwa a Nabanda, oyandikana nafewa, kuseri kwa matumba a chimanga, yafundidwa chitenje. Felemu ndinaipeza pa kaunjika wa njinga ku Dzaleka, nditayenda maulendo atatu ndi kachingwe ka muyeso wako m'thumba. Wogulitsa ankandikankhira zikuluzikulu, ati, "Tengani iyi mayi, yolimba, mwana adza..." Sanamalize. Ndinamuyang'ana mpaka anakumbukira kuti ali ndi ntchito ina kuseri. Imene ndinatenga ndi yaing'ono, yotsika pakati, ya matayala a 26, ya magiya oti chitunda cha kumlatho udzakwera utakhala pansi. Masipoko ndaluka ndekha limodzilimodzi. Mabolo onse ndi atsopano. Zogwirira mabuleki ndazibweza kufupi mpaka pa muyeso wa zala zakozo. Ndaipaka utoto wobiriwira, poti unanenapo uli Fomu 1 kuti njinga zakuda zimaoneka ngati zikupita kumaliro. Chishalo ndachiika pamlingo wako ndipo ndalemba kamzere ndi msomali, kuti wina akachisuntha udziwe pobwezera. Kumunsi kwa chitsulo cha chishalocho ndalembako mzere wina, umenewo usadzaonekere kunja, ukaonekera chitsulo chatsala pang'ono m'felemu ndipo chidzathyoka uli pamsewu. Dzulo a Nabanda atapita kumunda ndinaikwera kuzungulira nkhokwe kawiri. Tiya, mapazi anga anafika pansi. Ndinaima pamenepo, njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse awiri ali pansi, nkhuku zikundiyang'ana.

Tcheni uzichidontheza oilo Loweruka lililonse n'kupukuta wotsala, chifukwa oilo wochuluka amaitana fumbi. Matayala uziwatsina m'mawa uliwonse. Timipira ta mabuleki tikatha mizere, usinthe, usadikire kumva chitsulo chikulira pa limu. M'tauni galimoto sizipatsa ulemu ngati ngolo, uziyenda kumanzere kwenikweni, uzionetsa ndi mkono pokhota, ndipo mdima usakupeze pamsewu. Mawa pokweza pa minibasi, mbali ya magiya ikhale m'mwamba, ndipo kondakitala akati aikepo thumba la mbatata, umusiyire ine.

Ndabwereranso kwa a Lufeyo, chifukwa ndikudziwa kuti anakuimbira foni Lachiwiri. Unatuluka panja kukayankha, koma khoma la nyumba yathu ndinamanga ndine, ndikudziwa kupyapyala kwake. Akuti lendi n'kutaya ndalama, ukakhale kwawo, chipinda chilipo. Ndipo poti amayi anga sasunga chinsinsi kwa mlongo wawo, za njinga anazimva iwe usanazimve, n'chifukwa chake anakuuza kuti m'tauni muli akuba, katundu wako wamtengo adzakusungira. Iwe unati, "Zikomo agogo, ndikambirana ndi amayi." Ndinamva mawondo ako akugwada m'mawu. Uli ndi mtima wofewa, sunautenge kwa ine, ndipo sindikufuna kuuumitsa. Koma ndikufuna zaka ziwiri za kolejizo uzimalize, ubwere ndi pepala, ndipo kuti uzimalize uyenera kukhala ndi chitseko chako ndi njinga yako, yoti ukafuna kupita m'kalasi kapena kubwera kuno usapemphe munthu.

Ndiye nazi zimene ndalola. Ukawaone. Ndi agogo ako, akalamba, ndipo mlandu wawo ndi wa ine, si wa iwe. Upite Lamulungu masana, ugwade, uwapatse moni, udye zimene akupatse, utsuke mbale. Loko wa chitseko chawo akavuta, uwakonzere, aone. Koma kugona uzikagona kwa mayi Nachisale, ndipo njinga izigona m'chipinda chako, kumapazi kwa bedi, osati pakhonde, osati kwa wina aliyense. Akati isiye pano, unene kuti amayi anakana. Undiike patsogolo, dzina langa kumeneko linaipa kale, silingaipenso.

Ndipo akaumirira, usakangane nawo. Uwagwirire handulo mwaulemu, unene kuti, "Agogo, tayesani." A Lufeyo ndi aatali ngati mlongoti, anyamata awo a kabaza chimodzimodzi. Akakhala pa njinga imeneyo mawondo adzagunda handulo asanapalase kawiri. Akati akweze chishalo, chitsulo chake ndachidula, sichikwera kupitirira zala ziwiri. Kaliyala ndaika wopepuka, wa mabuku ndi chikwama cha zitsulo, woti munthu wamkulu akakhalapo apindika pomwepo. Palibe wa kabaza angaifune, palibe thumba la makala lingakwerepo. Njinga imeneyo m'dziko lonse lino ikukwana anthu awiri, ndipo winayo akutsala kuno.

Wandifunsa, ndakuyankha. Usadzandifunsenso, ndipo usabwere pa holide ndi uthenga wakuti agogo akuti tikhale pansi. Akafuna kukhala pansi, njira ya ku Nachisaka akuidziwa, anaiyendapo akuliza belu. Za a Lufeyo ndalemba pano kamodzi, ndipo pakamwa panga sizidzatulukanso, kwa iwe kapena kwa wina aliyense.

Tsopano pinda pepalali, upukute m'maso, uthamange kwa a Nabanda kusanade. Ndikhala ndili pakhomo pa shopu, ndikufuna ndikuone ukutulukira pa ngodya.

Ndine mayi ako, wa manja akuda,
Esnati